Kompyuta Yothamanga ndi Maso a Amayi Anga

Kompyuta yanga yoyamba ndinagula kwa mphunzitsi mnzanga amene ankasamukira ku Ntchisi. Inali laputopu yakuda, yolemera ngati mwala wa mphero, ndipo batire lake linali litafa kalekale moti ukangoizula pa magetsi inkazima nthawi yomweyo. Koma ndisaiipitsire mbiri. Pa ntchito yolemba mayeso a ana a m'kalasi mwanga inanditumikira zaka zingapo osadandaula. Ine ndimalemba ndi zala ziwiri, ndiye ine ndi iyo tinkayendera limodzi, popanda wosiya mnzake m'mbuyo.

Mavuto anayamba pamene kwaya ya amayi a kumpingo kwathu inaganiza zojambula kanema wa nyimbo zake. Kwathu ndi kumtunda kwa Nachisaka, ndipo makwaya a mipingo yoyandikana nafe anali atajambula kale. Amayi athu zinkawawawa kumaonera anzawo a ku Mvera akuvina pamwamba pa matanthwe m'mafoni a ana awo. Mawu a nyimbozo anakajambulitsa ku situdiyo ina ya ku Mponela, kunatsala zithunzi. Wojambula wa m'tauni atatchula mtengo wake, amayi onse anangoti kukamwa yasa. Apa m'pamene amayi anga ondibereka, amene anali wapampando wa kwayayo komanso woyambitsa nyimbo, analengeza pagulu kuti, "Mwana wanga ali ndi kompyuta. Achita ndi iyeyo." Ine sanandifunse. Amayi anga safunsa munthu, amangomudziwitsa.

Tinajambula m'chilimwe, anthu atakolola. Ndinabwereka foni yabwino ya mlamu wanga, amuna anga n'kumanyamula sipika paphewa. Kajambulidwe kake n'kotere: nyimbo imalira pa sipika, amayi n'kumaimba motsatira ndi kuvina, ine n'kumajambula. Nyimbo imodzi yomweyo tinkaibwereza patsogolo pa tchalitchi, kenako pa thanthwe la kuphiri, kenako kudambo, ndipo malo alionse ankafuna zitenje zina. Amayi akuluakulu, ena a zidzukulu, ankabisala kuseri kwa tchire kusintha zovala akuseka ngati atsikana.

Kwayayo inaika malamulo awiri, ndipo onse anachokera m'kamwa mwa amayi anga. Loyamba linali lakuti m'nyimbo iliyonse, mayi aliyense aoneke nkhope yake payekha, chifukwa onse anasonkha mofanana. Lachiwiri linali lakuti pasapezeke woimba aliyense woonera kanemayo, ngakhale kachidutswa, kufikira tsiku limene abusa adzamupempherere m'tchalitchi. Lamulo limeneli linali ndi chifukwa chake. Nyimbo za kwaya ina yapafupi zinayamba kulira m'zigayo ndi m'malo omwera mowa eni ake asanazipereke kwa Mulungu, ndipo tsiku lozikhazikitsa kunabwera anthu owerengeka. Amayi anga anati zimenezo kwathu kuno ayi.

Nditaika zojambulazo mu kompyuta yanga ndinazindikira kuti ndasenza katundu woposa msinkhu wanga. Ntchito yaikulu pokonza kanema wa kwaya ndi kugwirizanitsa milomo ndi mawu, kuti pamene nyimbo ikuti "Ambuye" pakamwa pa woimba pazinenanso zomwezo. Koma kompyuta yanga inkaonetsa chithunzi modumphadumpha. Mayi akweza dzanja, chithunzi chiima, nyimbo ipitirira yokha, kenako mayi uja wapezeka ali kale chogwada. Ndinkangoyerekeza, ndipo kuti ndidziwe ngati ndalasa ndinkayenera kuisiya kompyutayo ilumikize zidutswa zonse, ntchito imene ndinkaitcha kuphika. Inkaphika kuyambira m'mawa, ikulira ngati chigayo cha patali, ikutentha moti ndinkaikhazika pa njerwa n'kumaikupiza ndi lichero. Magetsi athu ndi a sola. Dzuwa likapendeka, kapena mtambo ukangodutsa nthawi yolakwika, inkazima kamzere kosonyeza ntchito kali pafupi kufika kumapeto, mawa lake n'kuyambiranso. Ndinali ndi Loweruka lokha, popeza masiku ena ndinali kusukulu. Teremu yonse inatha nditamaliza nyimbo imodzi, ndipo nyimbo zinalipo zodzaza manja onse awiri.

Zikanakhala zokhazo ndikanapirira. Amayi a kwaya akandifunsa ndinkawayankha kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma m'miyezi yomweyo anthu anayamba kunong'ona kuti amayi anga ayamba kunyada, sakupereka moni kwa owadutsa m'mbali. Kunyumba ankagubuduza makapu ndi chigongono, ndipo tsiku lina anadzigunda pa felemu la chitseko mpaka kutupa pachipumi. Ndinapita nawo ku chipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga, ndipo atawayeza, kenako n'kutitumizanso kwa odziwa za maso, tinauzidwa kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa. Ndi matenda amene amadya maso kuyambira m'mbali kulowera pakati. Mankhwala odonthezera akanatha kuwachedwetsa, koma zimene zinapita sizikanabwerera. Pobwerera, tili pa kabaza, amayi anandiuza kuti dziko akuliona ngati akusuzumira m'bango. Anayankhula ngati akunena za mtengo wa mchere, koma ine ndinalira njira yonse.

Loweruka lotsatira ndinanyamula laputopu kupita nayo kwawo. Ndinawapeza akusola mtedza pakhonde.

"Amayi, nyimbo imodzi yatha. Muli momo, mwaoneka bwino kwambiri. Tiyeni m'nyumba muone."

"Abusa apempherera?"

"Ayi, koma ndi inu nokha. Palibe adziwe."

"Ine ndidziwa," anatero osasiya kusola. "Lamulo ndiike ndine, ndiyambenso ndine kulithyola? Anzanga aja ndidzawayang'ana bwanji?"

"Amayi, mwamva zimene ananena adokotala."

"Ndinamva, makutu ndili nawo. Iwe fulumira, basi."

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinabwerera ndikulankhula ndekha m'njira ngati wamisala. Munthu maso akutha, koma akukakamira lamulo loti analipanga yekha pansi pa mtengo wa mango. Komabe ndinkawadziwa amayi anga. Kuwasuntha pa zimene anena n'kovuta kuposa kuzula chitsa cha muwanga. Chotsala chinali chimene ananenacho, kufulumira, ndipo ndi kompyuta imene ndinali nayo kanemayo akanatha maso awo atatha kale.

Chaka chimenecho amuna anga anagulitsa soya bwino, ndipo ndalama zake tinagwirizana kuti tifolere khitchini ndi malata, chifukwa udzu wake unali utawola. Nditawafotokozera, sanakane zogula kompyuta ina. Amene anawavuta ndi mawu anga oti ndikufuna yothamanga.

"Yothamanga kupita kuti?" anafunsa. "Kompyuta ndi kompyuta. Tigule yotsika mtengo, zotsalazo zitigulire malata. Kuthamanga sikufika, mayi a ana."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," ndinawayankha. M'nyumba mwathu miyambi ndiye mikondo, ndipo tsiku limenelo palibe anagonja.

Tinapita limodzi ku Lilongwe, iwo kuti akandilondere ndisawononge. Tinalowa m'kasitolo kopanikizika kogulitsa makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito. Mwini wake anali bambo wa imvi za apo ndi apo, wa magalasi okhuthala. Nditamuuza ntchito yanga anatulutsa malaputopu awiri n'kuwaika pa tebulo. Anali ofanana ngati mapasa: mtundu umodzi, kukula kumodzi, ngakhale zokalika zake zinali pafupifupi malo amodzi. Koma mtengo wa inayo unaposa wa inzake ndi ndalama zokwanira denga lonse la khitchini yathu.

"Kusiyana kwake kuli pati?" anafunsa amuna anga.

"Kuli m'kati, bambo. Muli kachipangizo kotchedwa pulosesa, ndiye ubongo wake. Ka umu kamaganiza msanga kuposa ka umu."

"Tsegulani tione."

Wogulitsayo anaseka. "Ngakhale nditsegule simuona kanthu. N'kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo tonse tiwiri timaoneka mofanana."

Amuna anga amalimanso fodya. Anazolowera kuti wogula amang'amba belo pakati n'kusolola masamba kuti aone ngati zam'kati zikufanana ndi zapamwamba. Kulipira chinthu chosaoneka kunali kwa iwo ngati kugula mbuzi ili m'thumba. Anandikodola n'kundinong'oneza kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa uja anamva, koma sanakhumudwe.

"Mayi, ndikuuzeni zoona," anatero. "Ngati ntchito yanu ndi yolemba mayeso ndi makalata, tengani yotsikayi. Mukatenga inayi ndiye kuti mwagula thirakitala yolimira dimba la mpiru. Koma za kanemazo, bwerani nazo tiyese."

Ndinali nditatenga fulashi ya zojambula zanga. Anaika pulogalamu yanga m'makompyuta onse awiri, ine n'kutsegula nyimbo imene amayi amayambitsa okha. Amuna anga anandikumbutsa kuti lamulo la apongozi awo likuthyoka, ine n'kuwayankha kuti wogulitsayo saimba kwaya ya kwathu. Yotsika mtengo ija inayesetsa ndithu, inaposa yanga yakale kutalitali. Koma nditasanjikiza zithunzi za kutchalitchi, za kuphiri ndi za kudambo, inayamba kutsimphina, milomo n'kumatsalira m'mbuyo mwa mawu. Nditachita zomwezo pa yodulayo, chithunzi chinayenda myaa. Amayi anga anadzaza sikirini yonse, duku loyera kumutu, ndipo pakamwa pawo panatseguka nthawi yeniyeni imene liwu lawo linatuluka.

Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi ake m'maso. Akakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo akamalankhulana aliyense amayang'ana kumbali. M'zaka zonse za ukwati wathu amuna anga anali asanaionetsetsepo nkhope ya amayi anga. Itangotulukira pa sikirini paja anagwetsa nkhope pansi mwachizolowezi, ngati awapeza akulakwa. Kenako anadzutsa mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana. Anayang'ana nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

"Maso awo ndi ofanana ndi a mwana wathu wamkulu," anatero motsitsa mawu. Kenako anatembenukira kwa wogulitsa uja. "Tikulungireni yomweyi. Khitchini idikira."

Anthu ambiri andifunsapo kuyambira nthawi imeneyo ngati kuwonjezera ndalama pofuna kompyuta yothamanga n'kwanzeru, ndipo sindiwanamiza. Pa zinthu zambiri sinasinthe kanthu. Mayeso ndimalembabe ndi zala zanga ziwiri zomwe zija, iyo n'kumangondidikira. Intaneti kwathu kuno imagwira ukakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu, ndipo ubongo wothamanga uja ukafika pamenepo umakhala pamzere ngati wina aliyense. Mphunzitsi mnzanga wina atasirira yanga anakagula yodula kuposa pamenepo. Ndinamuletsa, osamva. Lero amangoonerapo mpira ndi kulemba mayina a ana, ntchito imene yanga yakale ija ikanagwira ikuimba mluzu. Ndimamuseka kuti anagula njinga yamoto yopitira kuchimbudzi. Liwiro limapindula ngati pali chimene ukupikisana nacho, ndipo ine ndinkapikisana ndi dzuwa la pa sola komanso ndi maso a amayi anga.

Pa kanema, kusiyana kwake kunali kwa usiku ndi usana. Ndinkaona nthawi yomweyo ngati milomo yagwirizana ndi mawu, osadikiranso tsiku lonse kuti ndidziwe kuti ndaphonya. Kuphika kumene kunkatenga m'mawa mpaka madzulo kunayamba kutha ndisanamalize kuchapa. Batire lake linali lamoyo, choncho mtambo unasiya kundiopsa. Chimene sinathe kundithandiza ndi lamulo loyamba lija. Ndinkayenera kufufuza ndekha nkhope ya mayi aliyense m'nyimbo iliyonse, ndipo ena ankatsinzina nthawi zonse, ena ankayang'ana mbuzi zodutsa, wina ankatafuna chinachake nyimbo yonse. Mayi wina wamfupi ankabisika kumbuyo kwa anzake moti ndinachita kumuitana kudzamujambulanso payekha kuseri kwa nyumba yathu.

Mvula inayamba ndili pakati pa ntchito. Khitchini inadontha monga tinkayembekezera, ndipo ndinkaphika beseni lili pambali, nkhuni zikufuka. Amuna anga akandipeza ndikutsokomola ndi utsi ankandifunsa mwaulemu wonse ngati pulosesa singathe kuwauza madziwo kuti adutse msanga. Ndinkawaponyera chikuni chozima, iwo n'kuthawa akuseka. Madzulo alionse ndinkapita kukawadonthezera amayi mankhwala. Sankapempha kuti aone kanemayo. Ankangofunsa kuti, "Wafika pati?" ine n'kuwauza nyimbo imene ndili. Bango lawo lija linkachepera. Anasiya kupita okha kudimba, ndipo kutchalitchi ankayenda atagwira phewa langa.

Ndinamaliza chimanga chikumasula ngayaye. Tsiku lokhazikitsa linali Loweruka masana. Tinabwereka pulojekita, chipangizo choponya zithunzi pakhoma, n'kupachika nsalu yoyera kutsogolo kwa guwa. Mazenera tinatchinga ndi zitenje. Tchalitchi chinadzaza mpaka ana kukhala pansi m'mipata, ndipo kunabwera makwaya a ku Mvera ndi a kutsidya kwa Ntchisi, ena kudzasangalala nafe, ena kudzaona ngati tawaposa. Abusa anaika dzanja pa laputopu yanga n'kupemphera pemphero lalitali, ine mtima uli m'mwamba kuopa kuti batire litha asanafike pa ameni.

Kanema atayamba, m'tchalitchi munadzaza nthungululu. Nkhope ya mayi aliyense ikatulukira, abale ake ankaimirira. Mayi wamfupi uja atadziona anabisa nkhope m'chitenje, mwamuna wake n'kuvula jekete kulikupiza m'mwamba. Ine maso anga anali pa amayi anga. Ndinawakhazika pa benchi ya kutsogolo kwenikweni, ine pambali pawo. Ankayendetsa mutu uku ndi uku pang'onopang'ono, ngati munthu wofuna singano pa mphasa. Kuwala kwa dzuwa kunkalowa m'mipata ya zitenje, ndipo chithunzi pa nsalu paja chinali chotuwa. Itafika nyimbo yawo, anthu onse anaimirira.

"Akuimbira ndani nthungululuzi?" anandinong'oneza.

"Inuyo, amayi. Ndinu muli apo."

Anagwedeza mutu. "Ndikungoona utsi," anatero, n'kupinda manja pamiyendo.

Ndinaganiza kuti ndachedwa, kuti kuthamanga konse kuja kwapita pachabe. Nyimbo zotsalazo sindinazimve. Ndinangokhala pa benchi paja, anthu akuvina mondizungulira.

Mwambo utatha, anthu akutuluka kukadya, amayi anandigwira dzanja.

"Abusa apemphera, eti?"

"Apemphera."

"Onse aona?"

"Aona, amayi."

"Ndiye ukudikira chiyani? Bweretsa kanthu kako kaja."

Ndinalowa nawo m'kachipinda ka akulu a mpingo n'kutseka zenera. Ndinawaika laputopu pamiyendo, n'kukweza kuwala kwake mpaka pamapeto. Anaiyandikiza kumaso mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Ndinayendetsa kanemayo.

"Uyu ndi wa kuseri kwa dambo uja," anatero mwadzidzidzi. "Waphonya sitepe. Ndinamuuza ine kuti mwendo wamanzere ndiwo uyamba."

Ndinaseka ndikulira. Anapitiriza kuwatchula mmodzimmodzi, aliyense ndi cholakwa chake: uyu duku lapendama, uyu akuimba ngati amukakamiza, uyu wanenepa osandiuza. Itafika nkhope yawo ndinaimitsa chithunzi. Anachiyang'ana kuyambira pachipumi kutsikira kuchibwano, akusuntha mutu pang'onopang'ono kuti chonse chidutse m'kampata kamene kanawatsalira.

"Nanga nkhalamba iyi ndi ya kuti?"

"Ndinu, amayi."

"Ine? Makwinya onsewa? Anthu inu mumandiona tsiku ndi tsiku osandiuza?" Anagwira tsaya lawo, kenako anagwira tsaya la pa galasilo. "Tayendetsa ndiimve."

Ndinayendetsa. Nkhalamba ya pa sikirini inatsegula pakamwa n'kuyambitsa nyimbo, amayi ena onse n'kulandira. Amayi anga anaonera mpaka kumapeto osaphethira.

"Koma ikuimba bwino," anatero. "Bwezanso."

Tinabwereza mpaka chakudya chinatha panja, ndipo tsiku limenelo tonse awiri tinabwerera kunyumba ndi njala.

Khitchini tinafolera chaka chotsatira. Makwaya ena anayamba kubwera kuti ndiwakonzere akanema awo, ndipo Loweruka langa lilibenso mpata. Amayi akuimbabe, ndipo nyimbo akuyambitsabe ndi iwo, atagwira mkono wa mnzawo. Maso awo tsopano amangosiyanitsa usana ndi mdima. Alendo akabwera kunyumba amandiuza ndiwaikire kanema uja, iwo n'kukhala pambali akumvetsera. Ikafika nyimbo yawo amaloza kumene kukuchokera mawu n'kuwauza alendowo kuti ayang'anitsitse, pakubwera mayi wa duku loyera, wa makwinya ambiri, wa mpata kumano akumwamba. Mlendo wina anawafunsa mwaulemu kuti akudziwa bwanji zonsezo.

"Ndinamuona ndekha," anayankha amayi.